HAILE SELASSIE NDI WOCHI YAO YA GOLIDE

Anthu a ku Chipata amene anafikako ku Lusaka audziwa mseu wochedwa Haile Selassie Avenue ku Longacres. Mwini dzinali anali mfumu ya dziko la Ethiopia kwa zaka 44, ndipo udindo wao unali Mfumu ya Mafumu, monga momwe Angoni amachulira Mpezeni.

Iwo anabadwa pa 23 July, 1892 m'mudzi wa Ejersa Goro pafupi ndi mzinda wa Harar. Dzina lao la paubwana linali Tafari Makonnen. Atate ao, Ras Makonnen, anali mbale wa Mfumu Menelik II, ndiponso mmodzi wa akazembe a nkhondo amene anagonjetsa asilikali a Italy pa Adwa mu 1896. Atatewo anamwalira mu 1906, mwana akali ndi zaka 13. Mu 1916 Tafari anaikidwa kukhala wogwirizira ufumu pansi pa Mfumukazi Zewditu, ndipo pa 2 November, 1930 anabvekedwa cisoti cacifumu natenga dzina la Haile Selassie, kutanthauza Mphamvu ya Utatu Woyera.

A Italy sanaiwale manyazi a pa Adwa. Mu October 1935 Mussolini anatumiza magulu a nkhondo, ndeke ndi mpweya wa poizoni umene unapsereza asilikali pamodzi ndi anthu wamba m'midzi. Mu May 1936 mfumu inacoka m'dziko lake. Pa 30 June caka comweco inaimirira pamaso pa League of Nations mu mzinda wa Geneva ku Switzerland ndi kucenjeza maiko kuti akalekerera wamphamvu kudya wofooka, moto womwewo udzafika pa matsindwi ao. Maiko akulu anamvetsera, koma sanacitepo kanthu. Mfumu inakakhala ku Bath ku Mangalande ngati mlendo wothawa nkhondo, ndipo posapita zaka zinai Ulaya yense anayaka.

Nkhondo imeneyi inakhudzanso midzi ya cigawo ca Kum'mawa. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment, amene cilankhulo cao ca pa nchito cinali Cinyanja, anamenyana ndi a Italy pa Tug Argan ku Somaliland mu August 1940. A Italy atathyoledwa, Haile Selassie analowanso mu Addis Ababa pa 5 May, 1941, patapita zaka zisanu cicokere.

Mu November 1954 mfumu inakaceza ku Switzerland, tsopano monga mlendo wolemekezeka wa boma. Pa ulendo umenewu wamalonda wina wa ku Italy anaipatsa mphatso ya wochi ya pa mkono, imene ena amati nkoloko, yopangidwa ndi kampani ya Patek Philippe ya ku Geneva. Nambala ya mtundu wake ndi 2497. Cikho cake ndi ca golide, nkhope yake ndi yakuda, ndipo kumbuyo kwake anazokotako cizindikiro ca dzina la mfumu.

Wochi yotere ilibe batire. Mwini amapotokola kamutu ka pambali, ndipo m'kati mwake kacitsulo kopyapyala kamadzipinda ngati nkhata. Pamene kakumasuka pang'onopang'ono kamakankha timagudumu ta mano, ndipo timagudumuto timayendetsa mivi. Zonsezi amisiri amazilumikiza ndi manja, atabvala galasi pa diso cifukwa ca kucepa kwake. Koma cimene cinachukitsa mtundu wa 2497 ndi kalendala yake. Imaonetsa tsiku la sabata, deti ndi mwezi, ndipo imadziwa yokha mwezi wa masiku 30 ndi wa masiku 31. Ngakhale February wa masiku 29, amene amabwera kamodzi pa zaka zinai, simuphonya. Ilinso ndi kazenera koonetsa mwezi wa kumwamba, ngati wangokhala kumene, uli wathunthu kapena wapita kumdima, zimene mlimi amaziwerenga poyang'ana kuthambo usiku. Mawochi a mtundu umenewu anapangidwa osafika 200.

Zaka zotsatira zinali za ulemerero. Mu February 1962 mfumu inalandira atsogoleri omenyera ufulu pa msonkhano wa PAFMECSA ku Addis Ababa, pakati pao a Kenneth Kaunda ndi a Nelson Mandela. Pa 25 May, 1963 maiko 32 anakhazikitsa bungwe la Organisation of African Unity mu mzinda womwewo, ndipo luntha la mfumu pogwirizanitsa magulu awiri a maiko amene anali osamvana ndilo linathandiza kuti msonkhanowo usapasuke. Mu 1965 inaceza ku Zambia ndi ku Malawi, kumene malo ena pa phiri la Zomba amachedwabe Emperor's View. Inabweranso ku Lusaka mu September 1970 pa msonkhano wa maiko osatenga mbali ku Mulungushi Hall.

Komabe kwao zinthu sizinali monga zinaonekera kunja. Minda yambiri inali m'manja mwa nduna, akuluakulu a chalichi ndi a banja lacifumu, ndipo mlimi wamba anali kupereka gawo lalikulu la zokolola zake kwa mwini nthaka. Mfumu inamanga masukulu ndi yunivesite, koma nkhani ya minda inaiopa. Cilala citagwa m'cigawo ca Wollo, njala ya 1973 inapha anthu zikwi zambirimbiri, ndipo akuluakulu a boma anayesa kubisa. Ili ndilo banga limene ngakhale okonda mfumuyi alephera kulicotsa.

Pa 12 September, 1974 asilikali a gulu la Derg anailanda ufumu ndi kuiturutsa m'nyumba yacifumu m'kagalimoto ka Volkswagen. Inamwalira m'manja mwao pa 27 August, 1975, ili ndi zaka 83. Mafupa ake anafukulidwa mu 1992 pa malo a nyumba yacifumu, ndipo anaikidwa mwaulemu m'chalichi ca Holy Trinity pa 5 November, 2000.

Wochi ija inaonekeranso mu November 2015, pamene kampani ya Christie's inafuna kuigulitsa pa okushoni ku Geneva. Alimi a fodya adziwa mayendedwe a malonda otere: ogula amapikisana pokweza mtengo kufikira onse atatopa ndi kutsala mmodzi. Pa mawochi, anthu acuma amayang'ana dzina la opanga, kusowa kwa mtundu wake, ndi mkono wa munthu amene anaibvala. Wochi iyi inali nazo zonse zitatu.

Malonda asanayambe, a banja lacifumu anadandaula kuti wochiyo inabedwa pamene asilikali anafunkha katundu wa mfumu mu 1974. Ogulitsa anati mfumu yomwe inaipereka ngati mphatso kwa munthu wina wolemekezeka wa mu Africa, ndi kuti mbadwa ya munthuyo ndiyo inabwera nayo. Khoti la ku Geneva linaimitsa malondawo. Mlandu utatha, wochi inabwereranso pa okushoni mu May 2017. Akatswiri anali ataiyesa mtengo wa pakati pa mafranki 500,000 ndi 1 miliyoni a ku Switzerland, koma ogula analimbirana kufikira mafranki 2.9 miliyoni.