John Buchanan

John Buchanan (1855–1896) anali mlimi wa ku Scotland amene anabwera ndi amishonale oyamba a Blantyre Mission mu 1876, kenako n'kukhala mmodzi wa azungu amene anali ndi malo aakulu kwambiri m'dera la Shire Highlands. Anagwirizirapo udindo wa kazembe wa Britain, ndipo ndiye analengeza mu 1889 kuti derali lili pansi pa chitetezo cha Britain. Malo ena amene iye anatenga kwa mafumu ndi amene panamangidwa tauni ya Blantyre.

Ubwana ndi ntchito ya ku mishoni

Buchanan anabadwira ku Muthill m'chigawo cha Perthshire, ndipo anaphunzira ntchito yosamalira dimba ku Drummond Castle. Sanali mbusa. Mpingo wa Church of Scotland unamutumiza kuti azidzayang'anira ulimi pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 m'dera la mfumu ya Chiyao, Kapeni. Patapita nthawi anatumizidwa ku Zomba kukatsegula nthambi ya mishoniyo.

M'zaka zoyambirirazo amishonale ankaweruza okha milandu ndi kukwapula anthu, ndipo ena anafa ndi zilangozo. Nkhaniyi itamveka ku Britain mu 1880, mpingo unafufuza ndipo mu 1881 unachotsa ntchito mtsogoleri wa mishoni Duff Macdonald, George Fenwick ndi Buchanan.

Ulimi ndi ukazembe

Atachotsedwa ntchito, Buchanan sanabwerere kwawo. Abale ake awiri, David ndi Robert, anamutsatira, ndipo anayambitsa kampani ya Buchanan Brothers imene inkalima khofi, nzimbe ndi fodya ku Zomba ndi ku Michiru. Mu 1885 anasindikiza buku lofotokoza za Shire Highlands. Ankatumizanso zitsanzo za zomera ku Britain, n'chifukwa chake zomera zina, monga Aloe buchananii, zili ndi dzina lake.

Mu 1889, pamene msilikali wa Chipwitikizi Serpa Pinto ankakwera chigwa cha Shire ndi gulu lake lankhondo, Buchanan ndiye ankagwirizira ukazembe. Iye analengeza kuti dziko la Amakololo ndi Shire Highlands zili pansi pa Britain. Portugal inabwerera m'mbuyo mu Januwale 1890 Britain itaiopseza, ndipo ulamuliro wa atsamunda unakhazikika mu 1891.

Malo

Pakati pa Amang'anja ndi Ayao a dera lino, malo sanali katundu wogulitsa. Munda unali wa mbumba. Mkazi ankalima pamene analima amayi ake ndi agogo ake, ndipo ana ake aakazi ndiwo ankadzatenga mindayo. Mwamuna ankapita chikamwini kumudzi kwa mkazi, pamene mwinimbumba, yemwe ndi mlongo wa akaziwo, ankayang'anira kuti malo asachoke m'banjamo. Mfumu inkagawa malo kwa obwera kuti alimepo, koma inalibe mphamvu yowataya mpaka kalekale, chifukwa analinso a ana osabadwa.

Azungu ankaiona nkhaniyi mosiyana. Mfumu ikalandira mphatso n'kuika chizindikiro papepala, iwo ankati agula. Mwa njira imeneyi Buchanan ndi abale ake ananena kuti ali ndi maekala oposa 160,000. Pa maekala pafupifupi 3,000 a pamene pali Blantyre lero, malipiro ake anali mfuti, nsalu ndi tinthu tina tating'onoting'ono.

Kuyambira mu 1892, bwanamkubwa woyamba Harry Johnston anaunika zonena za azungu onse amene ankati anagula malo, ndipo amene anawavomereza anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Zikalatazi zinasandutsa mapangano a mafumu kukhala umwini wamuyaya wa munthu mmodzi, woti angathe kugulitsa kapena kusiyira ana ake. M'dziko lonse malo otere anakwana maekala oposa 3 miliyoni. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi ndime yoletsa kusuntha midzi ndi minda imene inalipo kale, koma ndimeyi sinateteze anthu nthawi yaitali. Ulimi wa nthawiyo unkafuna kuti munda ukaguga anthu atsegule wina, ndipo akangosuntha, eni esiteti ankawawerengera ngati alendo. Alomwe amene anafika kuchokera ku Mozambique analibiretu chitetezo chilichonse. Umu ndi mmene thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana kulima, anasandukira ntchito yokakamiza yolipirira lendi ya malo.

Imfa ndi zotsatira zake

Buchanan anamwalira ndi malungo ku Chinde, kumathiriro a mtsinje wa Zambezi, mu Malichi 1896 ali pa ulendo wopita ku Scotland. Abale ake nawo anamwalira m'zaka zomwezo. Malo awo sanabwerere ku mbumba zimene zinkalima pamenepo. Pofika mu 1901 anali m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa Limited, imene eni ake ambiri anali ku Scotland.

Madandaulo a thangata anali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ngakhale kuti kuukirako kunachitikira makamaka pa esiteti ya banja la Bruce ku Magomero. Boma la atsamunda linayamba kugula malo a maesiteti kuti likhazikepo anthu pambuyo pa kafukufuku wa Sidney Abrahams wa mu 1946, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962. Kusiyana kwa malo a makolo ndi malo okhala ndi chikalata cha umwini, kumene kunayamba m'masiku a Buchanan, kudakali m'malamulo a malo a dziko la Malawi, kuphatikizapo amene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016.