John Dollond, Wowomba Nsalu Amene Adawongola Magalasi Oonera Kutali

John Dollond adabadwa m'chaka cha 1706 ku Spitalfields, dera lina la mumzinda wa London ku England. Bambo ake adali mmodzi mwa Akhristu achipulotesitanti amene adathawa ku France chifukwa chozunzidwa pa nkhani ya chipembedzo. Atafika ku London, ankadyetsa banja lawo ndi ntchito yowomba nsalu za silika. John naye adaphunzira luso lomwelo ali wamng'ono, ndipo adakula nalo. Komabe akaweruka, ankatsegula mabuku. Pang'onopang'ono adadziphunzitsa masamu, Chilatini, Chigiriki ndiponso sayansi ya kuwala.

M'chaka cha 1750 mwana wake wamkulu, Peter, adatsegula malo opangira zipangizo zamagalasi. Patatha zaka ziwiri, John adasiya nsalu n'kuyamba kugwira ntchito limodzi ndi mwana wakeyo. Apa n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 46.

Masiku amenewo opanga matelesikopu, omwe ndi zipangizo zoonera zinthu zakutali, adali ndi vuto lowasowetsa tulo. Kutsogolo kwa telesikopu kumakhala lenzi, galasi lozungulira lotukuka pakati. Ntchito yake ndi kupinda kuwala kuti kukakumane pamalo amodzi, pomwe pamapangika chithunzi. Koma kuwala kooneka koyera kumabisa mitundu yonse ya utawaleza. Mitunduyi ikamadutsa m'galasi sipindika mofanana. Kuwala kwa buluu kumapindika kwambiri, motero kumakumana pafupi ndi galasi. Kuwala kofiira kumapindika pang'ono, motero kumakakumana patali. Chifukwa cha ichi, munthu akayang'ana mwezi kapena ngalawa ya panyanja, ankaona chithunzi chosaoneka bwino, chokhala ndi mizere yamitundumitundu m'mphepete mwake. Asayansi amatcha vutoli chromatic aberration.

Pofuna kuchepetsa vutoli, akatswiri ena ankapanga matelesikopu aatali zedi, ena opitirira mamita 40, ovuta kuwaloza kumwamba. Isaac Newton, wasayansi wolemekezeka kwambiri ku England, adaphunzitsa kuti lenzi yagalasi singachotsedwe chilema chimenechi. Iye adapanga telesikopu yogwiritsa ntchito kalilole m'malo mwa lenzi. Anthu ambiri adakhulupirira mawu ake, ndipo Dollond adali mmodzi mwa iwo. Pamene katswiri wa masamu Leonhard Euler adalemba kuti vutoli likhoza kutha, Dollond adamutsutsa poikira kumbuyo Newton.

Kenaka katswiri wina wa ku Sweden, Samuel Klingenstierna, adatumiza masamu oonetsa kuti mfundo ya Newton idali ndi polakwika. Dollond sadaumirire maganizo ake akale. Adaganiza zoyesa yekha kuti aone ndi maso ake. M'chaka cha 1757 adayamba kudutsitsa kuwala m'madzi ndi m'magalasi osiyanasiyana, mobwerezabwereza, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Adapeza kuti magalasi onse samwaza mitundu mofanana. Galasi lotchedwa flint, limene lili ndi mtovu, limamwaza mitundu kwambiri kuposa galasi lotchedwa crown.

Apa mpamene padagona chinsinsi. Dollond adatenga lenzi ya crown yotukuka pakati n'kuiphatikiza ndi lenzi ya flint yolowa m'kati. Yoyamba inkasonkhanitsa kuwala uku ikumwaza mitundu, yachiwiri inkabweza mitunduyo kuti ikhalenso pamodzi. Kuwala kofiira ndi kwa buluu kudakumana pamalo amodzi, ndipo chithunzi chidaoneka bwino. Tsopano telesikopu yaifupi, yonyamulika m'manja, inkaonetsa zinthu momveka.

M'chaka cha 1758 Dollond adafotokoza zimene adapeza ku bungwe la asayansi la Royal Society, ndipo bungwelo lidamupatsa mendulo ya Copley. Chaka chomwecho adalandira chikalata cha boma chomupatsa iye yekha ufulu wopanga malenzi otere kwa zaka 14. M'chaka cha 1761 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society komanso mmisiri wa magalasi wa Mfumu George III. Ulemu umenewu sadaudyerere nthawi yaitali, chifukwa adamwalira pa 30 Novembala chaka chomwecho.

Iye atamwalira, padabuka mlandu. Amisiri ena a ku London ankapanga malenzi omwewo popanda chilolezo, ndipo Peter adawatengera kubwalo la milandu. Iwo adadziteteza ponena kuti Dollond sadali woyamba. Zidali zoona ndithu: loya wina, Chester Moor Hall, adali atapanga lenzi yotere cha m'ma 1733, koma sadalengeze kwa anthu. Bwalo lidagamula mokomera banja la Dollond, chifukwa nzeru ya Hall idakhala yobisika pamene Dollond adaitulutsa poyera kuti anthu apindule nayo. Lero mabuku amatchula amuna onse awiriwa, aliyense ndi gawo lake.

Patapita zaka 39 chimwalirire Dollond, kudadziwika kuti dzuwa lili ndi kuwala kwinanso kumene maso a munthu sakuona. M'chaka cha 1800 William Herschel adamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi la ngodya zitatu, n'kuika choyezera kutentha kuseri kwa mtundu wofiira, pamene sipankaoneka kanthu. Choyezeracho chidakwera. Kuwala kobisikako kumatchedwa infrared.

Makamera ambiri olondera nyumba ndi masitolo amatha kuona kuwala kumeneku. Usiku amayatsa tinyali ta infrared n'kumajambula mumdima. Koma vuto lakale lija limabweranso, pakuti infrared imapindika pang'ono kuposa kuwala kofiira, ndipo imakakumana patali kwambiri. Kamera imene imajambula bwino masana imatha kutulutsa zithunzi zosaoneka bwino usiku, mwakuti nkhope ya munthu siizindikirika. Opanga malenzi amathetsa zimenezi potsata njira ya Dollond: amaphatikiza magalasi osiyana mitundu kuti kuwala kooneka ndi kosaoneka kukumane pamalo amodzi.

Nzeru yophatikiza magalasiyi idafalikira kutali ndi London. Mumzinda wa Glasgow, ku Anniesland, kumadzulo kwa Springburn, kampani ya Barr and Stroud idamanga fakitale m'chaka cha 1904. Kumeneko amisiri ankapanga zipangizo zoyezera mtunda panyanja, ndipo pambuyo pake magalasi a maso awiri oonera kutali. Zipangizo zotere, monganso kamera ya pafoni ya m'manja, sizingaonetse bwino popanda magalasi osiyana oikidwa pamodzi monga momwe wowomba nsalu wa ku Spitalfields adaonetsera.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi bambo ake a John Dollond adachokeranji ku France?
2. N'chifukwa chiyani lenzi ya galasi limodzi imaonetsa mizere yamitundumitundu?
3. Tchulani mitundu iwiri ya magalasi imene Dollond adaphatikiza.
4. Kodi bwalo la milandu lidagamula bwanji, ndipo chifukwa chake chidali chiyani?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi woti kuona maso a nkhono n'kudekha, mogwirizana ndi nkhaniyi.