Bwana O'Neill, Kazembe Wocokera ku Ngalawa za Nkhondo

Pokumbukira zaka zimene zapita tizolowera kuchula maina a abusa ndi aphunzitsi okha. Koma dziko lino lisanakhazikike kunali anthu a nchito zina amene anasiya zizindikiro zimene tikhala nazo kufikira lero, ngakhale ana athu sawadziwa. Mmodzi wa iwo ndiye Henry Edward O'Neill, Mzungu wa ufumu wa Britain, amene anayamba monga mkuru wa asilikari a pamadzi, natsiriza monga kazembe. Njira zace sizinadzere kuno ku mapiri a Dedza. Koma ife a ku Kabwazi, amene makolo athu analidziwa goli la akapolo, ndi amene malire a Mozambique sali kutali ndi minda yathu, tiyenera kumva mbiri yace, pakuti zinthu ziwirizi ziri m'kati mwace.

Anabadwa m'caka ca 1848, nalowa nchito ya m'ngalawa za nkhondo za Mfumukazi Victoria m'caka ca 1862, akali mnyamata wa msinkhu wa ana athu a sukulu. M'ngalawamo anaphunzira kumvera ndi kulamulira, naphunziranso nzeru imene amalinyero saipeputsa, ndiyo kudziwa malo amene munthu ali poyang'ana dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Pakati pa nyanja yaikuru palibe phiri kapena mtengo wakusonyeza njira; wosadziwa kuyesa zakumwamba aononga ngalawa pamodzi ndi anthu ace.

M'caka ca 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar anabvomera pangano lakutseka msika wa akapolo ndi kuletsa kuolotsa anthu panyanja. Anabvomera mokakamizidwa, ndipo amene anamuumiriza ndiye John Kirk, yemwe uja anayenda ndi Livingstone pa Shire. Koma pangano la papepala silimanga zombo pa dooko. Cifukwa cace Angerezi anaimika ngalawa yaikuru yakale, dzina lace London, pa dooko la Zanzibar, kuti ikhale ngati mudzi wa asilikari. Mmenemo munaturuka timabwato, m'bwato muli amuna owerengeka, ndipo anali kukhala masabata ambiri m'makwalala a madzi a cisumbu ca Pemba, kulalira zombo za Aluya zodzala ndi anthu. Akagwira combo anali kumasula akapolo ndi kuononga comboco. Inali nchito ya dzuwa, ludzu ndi malungo, ndiponso ya imfa: mkuru wa ngalawayo, Captain Brownrigg, anaphedwa ndi eni combo cina kufupi ndi Pemba m'caka ca 1881. O'Neill anagwira nchitoyi kuyambira 1875 kufikira 1879, ali ndi udindo wa Lieutenant, ndipo m'zaka zomwezo anaphunzira Ciswahili kufikira anakhoza kumasulira mau.

Apa mpamene tiona ciyambi ca zonse anazicita pambuyo pace. Munthu wakulalira zombo afanana ndi mlimi wothamangitsa anyani m'mphepete mwa munda osadziwa phiri limene agonako. Zombo zogwidwa zinali pang'ono, zopulumuka zinali zambiri. Ndipo anthu opezeka m'katimo, pofunsidwa kwao, ambiri anachula maiko a kuno ku nyanja yathu. Ife tidziwa bwino kumene anacokera. Masiku amenewo Acewa a kuno anapanikizidwa pakati pa Angoni a Cikusi ndi mafumu a Ayao onga Tambala, nathawira m'mapiri ndi m'mapanga. Ogwidwa anatsitsidwa kunyanja, naoloka kwa Mponda kapena kwa Makanjira, nayenda miyezi atasenza minyanga kufikira ku gombe la nyanja ya mcere.

M'caka ca 1879 O'Neill anasiya ngalawa, naikidwa akhale kazembe wa Britain, amene Azungu amati Consul, pa cisumbu ca Mozambique, pamene panali likuru la Apwitikizi masiku aja. Analowa m'malo mwa Frederic Elton, amene anakwera sitima ya Ilala kufikira kumpoto kwa nyanja yathu m'caka ca 1877, namwalira panjira asanafikenso ku gombe. Nchito ya kazembe ndiyo kukhala m'dziko la eni, kusamalira anthu a mfumu yace okhala kumeneko, kulankhula ndi bwanamkubwa mwaulemu, ndi kulemba makalata akudziwitsa akuru a kwao zimene ziri kucitika. Alibe asilikari, alibe mphamvu yakumanga munthu. Cida cace ndi colembera. Kwa munthu wozolowera kulumphira m'combo ndi lupanga m'manja, kumeneku kunali kusintha kwakukuru.

Apwitikizi anali atalemba malamulo akuletsa ukapolo, koma mphamvu yao inalekeza pa midzi yowerengeka ya m'mbali mwa nyanja, monga Ibo, Mozambique ndi Quelimane. M'mitsinje yobisika ya pakati pa midziyo zombo zinaturukabe ndi anthu kunka nao ku Madagascar ndi ku zisumbu za Comoro. O'Neill sanakhutire ndi mbiri zakumva pakhonde. Anayendera gombelo yekha ndi bwato, mtsinje ndi mtsinje. Ndipo atatha kutero anatembenukira kumtunda, kumene kunali muzu wa malondawo.

M'caka ca 1881 analowa m'dziko la Amakua ndi Alomwe, limene pa mapu a Azungu linali pepala loyera, napenya mapiri a Namuli, amene msinkhu wace uyandikira mapazi 8,000, kuposa pang'ono phiri lathu la Dedza. Anayenda wopanda gulu la nkhondo, ndi amtengatenga ndi omasulira, kupempha njira kwa mfumu iri yonse ndi kupereka nsaru. Zolemba zace ziri pakati pa mbiri zoyamba zakunena za kwao kwa Alomwe zolembedwa ndi munthu wakuona ndi maso. Abale athu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo akafuna kudziwa umo makolo ao anakhalira asanasamuke, apeza zina mmenemo, pakuti zolembazo zinasonkhanitsidwa m'buku limodzi m'caka ca 2016.

Ulendo wace womveka ndi wa 1883, wocokera ku gombe kufikira ku nyanja ya Cilwa. Livingstone anaiona nyanjayi m'caka ca 1859, ndipo ambiri anayesa kuti mtsinje wa Lujenda uturuka mmenemo. O'Neill anayenda m'mbali mwace, napeza kuti kumpoto kuli mtandadza wa mcenga wolekanitsa Cilwa ndi nyanja ina yaing'ono, ndiyo Ciuta. Kuti madzi a Ciuta apita ku Amaramba. Ndi kuti Lujenda ayamba kumeneko, nakathira mu Rovuma. Cilwa alibe mtsinje woturuka. Ndico cifukwa cace madzi ace ali a mcere, ndipo mvula ikacepa zaka zotsatana nyanjayo iphwa, monga inacita mu 1968 ndi mu 1995. Asodzi a kumeneko anazidziwa izi kale lomwe, ndipo tiyesa kuti anazizwa poona Mzungu alikubvutika ndi cinthu cimene mwana ali yense akanamuuza. Koma iye ndiye anacilemba pa mapu, ndipo mapu ndiwo amene mafumu a ku Ulaya anali kuwerenga.

Caka cotsatira, 1884, anakwera ku Blantyre, nacita nchito imene ionetsa bwino kuti mlinyero sanafe mwa kazembeyo. Usiku ndi usiku anayesa mwezi ndi nyenyezi, kufuna kudziwa kuti Blantyre atalikira bwanji kum'mawa kwa Greenwich, mudzi wa ku London umene Angerezi ayambirapo kuwerenga. Tiwafotokozere ana a sukulu motere: dziko lizungulira madigiri 15 pa ora limodzi, Blantyre ali pa madigiri 35, tsono dzuwa likafika pamutu ku Blantyre, ku London kwatsala maora awiri ndi mphindi 20 kuti lifike pamutu. Wakudziwa kusiyana kwa nthawiku adziwa malo. Popeza masiku aja kunalibe lamya kapena wailesi yakunena nthawi ya ku London, mwezi ndiwo unali koloko yace. Atatsimikiza malo a Blantyre, ena oyesa dziko anapeza cikhomo cakumangapo cingwe cao. Cifukwa ca maulendo amenewa bungwe la Royal Geographical Society linampatsa mendulo ya golidi m'caka ca 1885.

Tingoonjeza pano kuti akazembe oyamba oikidwa ku dziko la nyanja yathu analinso anthu a m'ngalawa. Captain Foot anafika ku Blantyre namwalira komweko m'caka ca 1884. Ndipo Hawes, amene anadza pambuyo pace, nakaceza kwa Cikusi mu 1886, anali ataphunzitsa asilikari a pamadzi ku Japan.

Tsopano tifika pa nkhani imene inayesa mtima wace. M'caka ca 1887 kunabuka nkhondo ku Karonga. Mlozi, pamodzi ndi anzace Kopakopa ndi Msalemu, amalonda a minyanga ndi akapolo, anamanga malinga m'dziko la Ankhonde, nayamba kupitikitsa eni dziko. Ambiri anathawira m'bango la dambo la Kambwe, ndipo adani anayatsa bangolo. Opulumuka moto anagwa m'manja mwa mfuti ndi ng'ona. Pa Karonga panali sitolo ya African Lakes Company, woyang'anira wace Monteith Fotheringham, ndipo othawa anadza kudzabisala kwa iye. O'Neill anali pa ulendo wa panyanja nthawi yomweyo. Karonga sanali m'dera la ukazembe wace, ndipo boma lace silinamtume. Akadapitirira, palibe akadamtsutsa. Koma anakwera Ilala, napita, nafika m'mwezi wa November.

M'lingamo munali Azungu osakwanira khumi, mwa iwo mbusa Bain wa Livingstonia ndi Alfred Sharpe, amene masiku aja anali mlenje wa njobvu, koma pambuyo pace anakhala bwanamkubwa wa dziko lino. O'Neill ndiye anali wodziwa za nkhondo, ndipo anathandiza kulimbitsa linga ndi kugawa alonda. Anthu a Mlozi anawazinga masiku asanu, kuombera usana ndi usiku. Ndipo pano tinene zoona zimene mabuku akale anazichula mothamanga: amene anapulumutsa lingalo ndiwo Anyakyusa a kumpoto, amene anadza zikwi ndi mikondo yao ataitanidwa ndi Nicoll, mnzace wa Fotheringham. Pakumva kuti alinkudza, ozingawo anacoka. M'mwezi wa December, atafika Hawes ndi John Moir, anakathira nkhondo mudzi wa Mlozi nautentha; koma Anyakyusa, atatenga zofunkha, anabwerera kwao, ndipo Mlozi anamanganso.

Pamenepo msilikari ndi kazembe analimbana mwa munthu mmodzi. O'Neill anafuna kubwerera ndi mfuti zambiri kukatsiriza nchitoyo. Hawes, mwini dera, sanabvomerezane naye, ndipo akuru a ku London sanafune kuti dzina la Mfumukazi lilowe m'nkhondo ya kampani ya malonda, m'dziko limene njira yace yolowera inali m'manja mwa Apwitikizi. O'Neill anamvera, nabwerera ku Mozambique. Ena adzati anacita bwino kumvera. Ena adzakumbukira kuti Ankhonde anasauka zaka zina zisanu ndi zitatu. Captain Lugard anayesa mu 1888, nalasidwa manja onse awiri. Harry Johnston anapangana mtendere ndi Mlozi mu 1889. Ndipo linga la Mlozi linagwa m'mwezi wa December 1895, iye napacikidwa. Sitibisanso kuti kampaniyo inagula minyanga kwa amalonda omwewo nkhondo isanayambe, kotero kuti cifundo ndi phindu zinayenda m'bwato limodzi.

Makalata a O'Neill ananena kawiri kawiri kuti ulamuliro wa Apwitikizi sufika kumtunda, ndipo mau otere, ocokera kwa munthu amene anapondadi dzikolo, anali cida m'manja mwa iwo akufuna kuti dziko la Shire ndi la nyanja likhale la Britain. Iye anacoka ku Mozambique mu 1889, ndipo Johnston analowa m'malo mwace. Caka comweco Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo pa Shire. Mu January 1890 Britain anaopseza Portugal kuti acotse asilikari ace. Ndipo mu June 1891 maufumu awiriwo analemba pangano la malire. Kum'mawa malirewo anatsata gombe la kum'mawa la Ciuta ndi la Cilwa, nyanja zomwe zija O'Neill anaziyesa. Kuno kwathu pangano lomwelo linatsata msana wa dziko wogawa madzi, ena kunka ku Zambezi, ena kunka ku nyanja. Palibe mfumu ya Acewa kapena ya Angoni imene inafunsidwa. Ndico cifukwa cace woyenda pa mseu wocokera ku Dedza kunka ku Ntcheu aona Malawi ku dzanja limodzi ndi Angonia ku dzanja lina, ndipo mbumba imodzi ilima mbali zonse ziwiri, niyimba nyimbo imodzi pa maliro, koma isonkha kwa maboma awiri.

Zaka zace zotsala zinali zacete. Anakhala kazembe ku Livorno m'dziko la Italy, pambuyo pace ku Rouen m'dziko la France, kusamalira makalata a amalinyero ndi a amalonda, napuma nchito mu 1899. Anamwalira m'caka ca 1925. Pofika nthawiyo Alomwe, amene iye anawapeza m'midzi yao pansi pa Namuli, anali kuoloka malire aja zikwi zikwi, kuthawa msonkho ndi nchito yokakamiza, nadzakhala pa minda ya Azungu ya ku Mulanje ndi Thyolo, kumene anapezako thangata.