Mbusa Dawes, Wa Maso a Chiwombankhanga

Ana inu, kodi mumamdziwa munthu wosaona patali? William Rutter Dawes anali wotero. Akuti ankapitirira ngakhale mkazi wake pamsewu osamzindikira. Koma akaika diso pa galasi loonera nyenyezi, ankaona zimene anzake a maso abwino sankaziona, nchifukwa chake anamutcha wa maso a chiwombankhanga.

Anabadwira ku London mu 1799. Anaphunzira udokotala, kenaka nakhala mbusa wa mpingo waung'ono ku Ormskirk. Mu 1839 anasiya ubusa chifukwa cha kudwaladwala, koma nyenyezi sanazisiye.

Mu 1864 anajambula pamanja dziko la Mars, loyandikana ndi lathuli. Taganizani kuvuta kwake! Mpweya umagwedeza chithunzi m'galasimo, ndipo munthu amadikira nthawi yaitali pozizira kuti aone bwino kwa kamphindi chabe. Richard Proctor anatenga zojambulazo napanga mapu a Mars mu 1867. Madera akuda anawayesa nyanja, nkutcha ina dzina la Dawes. Lero tikudziwa kuti ndi miyala ndi mchenga wakuda.

Dawes anamwalira ku Haddenham mu 1868.