MBIRI YA LORD MANSFIELD, WOWERUZA WAMKULU WA KU ENGLAND (1705–1793)

Makhoti akuluakulu a dziko lathu la Zambia amatsatabe njira zambiri za malamulo ocokera ku England. Mmodzi mwa anthu amene anaumba malamulowo ndi a William Murray, odziwika ndi dzina laulemu lakuti Lord Mansfield. Mbiri yao tiilondola m'zikalata, pakuti nchito yao yonse inali ya zikalata: za nyumba, za zombo, ndiponso za anthu amene anali kuwerengedwa ngati katundu.

Iwo anabadwa pa 2 March 1705 ku Scone m'dziko la Scotland. Ali ndi zaka 13 anakwera pa kavalo ulendo wa ku London kukaphunzira pa sukulu ya Westminster. Atatsiriza maphunziro ku Oxford anayamba nchito ya uloya m'caka ca 1730, ndipo mu 1738 anakwatira Lady Elizabeth Finch, koma m'banjamo munalibe mwana. Mu 1756 anasankhidwa kukhala Woweruza Wamkulu wa khoti la King's Bench, nakhala pa mpandowo zaka 32.

Nyumba anali nazo ziwiri. Ya kunja kwa mzinda, yochedwa Kenwood, anaigula kwa Lord Bute mu 1754 pa mtengo wa mapaundi 4,000. Ya mumzinda inali pa Bloomsbury Square, dera limene nthaka yace inali ya banja la Duke of Bedford. M'nyumba imeneyi ndimo munali mabuku ao a malamulo, makalata ndi zolemba za milandu ya zaka zambiri.

Mlandu umene unachukitsa dzina lao ndi wa James Somerset, kapolo wa ku Africa amene mbuye wace, Charles Stewart, anadza naye ku England mu 1769. Somerset anathawa mu 1771, koma anagwidwa naikidwa m'combo cakuti cikamgulitse ku Jamaica. Anthu amene anamuimira pa ubatizo anakadandaula ku khoti. Pa 22 June 1772 a Mansfield anagamula kuti palibe lamulo la ku England lolola munthu kutulutsa mnzace m'dzikomo mokakamiza kuti akamgulitse, ndipo Somerset anamasulidwa. Tisakometse nkhani kupyola muyeso: cigamuloco sicinathetse ukapolo. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807, ndipo lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ace linadza mu 1833. Kuno kwathu makolo athu anali kugwidwabe ndi kutengedwa ku Quelimane ndi ku Kilwa zaka zambiri pambuyo pace.

Mu 1783 panadza mlandu wina wosapatsa ulemu kwa mwini mbiriyi. Amalinyero a combo cochedwa Zong anali ataponya m'nyanja anthu a ku Africa oposa 130 mu 1781, ponena kuti madzi akumwa anacepa, ndipo eni combo anafuna kuti a inshuwalansi awalipire. A Mansfield analamula kuti mlandu uzengedwenso, koma anauona ngati mkangano wa katundu wotayika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimbidwa mlandu wakupha.

Pakati pa milandu iwiriyi panagwa tsoka la moto. Mu 1778 Nyumba ya Malamulo inapeputsa malamulo ozunza Akatolika, ndipo mu June 1780 khamu lotsogozedwa ndi Lord George Gordon linadzuka kukana zimenezo. A Mansfield anali kudedwa cifukwa sanali kulola kuti ansembe a Cikatolika amangidwe popanda umboni wokwanira. Usiku wa pa 6 June anthu acipolowe anathyola nyumba ya pa Bloomsbury Square, naunjika mipando, zithunzi ndi mabuku pa bwalo, naziocha pamodzi ndi nyumbayo. Mkuluyo, ali ndi zaka 75, anapulumukira pa khomo la kumbuyo pamodzi ndi akazi ao. Khamu lina linalunjika ku Kenwood, koma linacedwa ndi mowa waulere pa nyumba ya alendo ya Spaniards kufikira asilikali atafika.

Boma linafuna kuwabwezera cuma cao, iwo anakana. Mu February 1781 Lord George Gordon yemweyo anaimirira pamaso pao pa mlandu woukira mfumu, ndipo anauzenga mosakondera, kotero kuti Gordon anapezeka wosalakwa.

Cikalata cimene citikhudza koposa ndi ca masiye. Ku Kenwood anali kulera mtsikana wochedwa Dido Elizabeth Belle, wobadwa mu 1761. Atate ace anali Sir John Lindsay, mwana wa mlongo wao wa a Mansfield. Mwa Cicewa tinganene kuti a Mansfield anali atsibweni a Lindsay, ndipo Dido anali mdzukulu wao. Amai ace, Maria Belle, anali kapolo wakuda. Kwa ife kutsata mbali ya amai kumapatsa mwana mudzi ndi mbumba, koma m'malamulo a ukapolo kutsata amai kunali kumsandutsa mwana katundu. Woweruzayo anali kudziwa bwino malire a cigamulo cao ca 1772, motero m'cikalata ca masiye analembamo poyera kuti Dido ndi mfulu. Anamsiyiranso mapaundi 500, ndi ena 100 oti azilandira caka ndi caka.

Anatula pansi udindo mu 1788, namwalira pa 20 March 1793, ndipo anaikidwa m'chalichi ca Westminster Abbey. Nyumba ya Kenwood inaperekedwa ku mtundu wa Britain mu 1927. Mu 1967, m'cipinda ca kudenga ku Scone, kwao kumene anabadwira, munapezeka timabuku tambiri ta milandu tolembedwa ndi dzanja lao, timene moto wa 1780 sunatikhudze.