Al-Khwarizmi: Masamu Amene Anayambira pa Chuma cha Masiye

Ana athu a Fomu 2 akaona x pa bolodi, ena nkhope zimagwa. Amafunsa kuti chinthu chimenechi chidzawathandiza chiyani. Funsoli si lachibwana, ndipo yankho lake lili m'moyo wa Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi.

Iye anabadwa cha m'ma 780. Dzina lake likuloza dera la Khwarazm, kum'mwera kwa nyanja ya Aral, koma ntchito anagwirira ku Baghdad m'nthawi ya Khalifa al-Ma'mun, amene analamulira kuyambira 813 mpaka 833. Cha m'ma 820 analemba buku lokhala ndi mawu akuti al-jabr m'dzina lake. Algebra tinaitenga pamenepo.

M'buku monsemo mulibe x ngakhale mmodzi. Zonse anazilemba m'mawu. Nambala yosadziwika ankaitcha shay, kutanthauza chinthu, ndipo chinthucho chikachulukitsidwa ndi icho chomwe ankachitcha mal, kutanthauza chuma. Gawo lalikulu la bukuli ndi la kagawidwe ka chuma cha masiye.

Tiyerekeze kuti bambo wa ku Bangwe wamwalira, makolo ake anatsogola kale, ndipo wasiya mkazi, ana aamuna awiri, mwana wamkazi mmodzi ndi K8,000,000 atabweza ngongole. Malinga ndi Sura ya An-Nisa, mkaziyo alandira gawo limodzi mwa magawo 8, K1,000,000. Mwana wamkazi alandira K1,400,000, aamunawo K2,800,000 aliyense. Apa mpofewa. Nanga malemuwo akanasiya wasiya woti mwana wamasiye amene ankamulera apatsidwe zofanana ndi za mwana wamkazi? Gawo la mwana wamkaziyo silidziwika mpaka titachotsa wasiya, ndipo wasiyawo sudziwika mpaka titadziwa gawolo. Mafunso ozungulira otere ndiwo al-Khwarizmi anawamasula: chosadziwikacho anachipatsa dzina, n'kuchiwerengera ngati chili kale m'manja.

Ife amene taonapo achibale akutuluka ndi mipando maliro asanathe, mpaka boma kukhazikitsa lamulo la 2011 lolanga olanda chuma cha masiye, sitingaone masamu amenewa ngati masewera.

Analembanso buku la manambala a ku India, lokhala ndi ziro. Lachiarabu linasowa, koma la Chilatini linapulumuka, ndipo dzina lake, lolembedwa Algoritmi, linabala mawu akuti algorithm amene ophunzira kompyuta amawatchula tsiku ndi tsiku. Buku la al-jabr analimasulira m'Chilatini ndi Robert of Chester mu 1145, patatha zaka pafupifupi 300 mwini wake atamwalira cha m'ma 850.