Alan Griffith ndi Timapiko ta mu Injini

Dzina la Alan Arnold Griffith ndinayamba kulimva m'phunziro la Fizikisi. Mkuluyu anabadwira ku London m'chaka cha 1893, ndipo ankagwira ntchito yofufuza za ndege ku Farnborough.

Kutsogolo kwa injini ya jeti kumakhala timapiko tambirimbiri tozungulira mwaliwiro, topanikiza mpweya usanakumane ndi mafuta. M'chaka cha 1926, ndege za jeti kulibe, Griffith anaonetsa kuti timapiko ta m'makina a nthawiyo tinkabalalitsa mpweya m'malo moutsogolera. Anati tizipangidwa ngati phiko la ndege.

Chimandidabwitsa n'chakuti katswiri wotereyu anakayikira maganizo a mnyamata Frank Whittle, amene anadzaliza injini yake ya jeti mu 1937. Griffith analowa ntchito ku Rolls-Royce mu 1939, namwalira mu 1963.